KODI NDINU YANI, NDIPO ULENDO NGWA KUTI?

  Nkhani yathu ya lero iri ya funso limene munthu ali yense akomana nalo, ngakhale ambiri acita manyazi kulichula pa gulu. Mnyamata amene watsiriza sukulu nasowa nchito adzifunsa usiku pa mphasa yace kuti, "Kodi ine ndinabadwira ciani?" Mai amene ana ace onse akula nacoka pa khomo adzifunsa cimodzimodzi. Mkulu amene wagwira nchito ku mgodi zaka 30, tsiku lakulandira penshoni aima pa cipata ndi katundu wace, osadziwa kumene angalunjike. Funsoli likakhala nthawi yaitali losayankhidwa lidya munthu monga ciswe cidya nsanamira. Ena athawira ku mowa, ena ku juga, ndipo ena angokhala pansi manja ali lende.

Makolo athu anali nao mwambo umene ungatithandize pa nkhaniyi, ndiwo mwambo wa malonje. Mlendo akafika pa mudzi anali kumpatsa pokhala ndi madzi akumwa, ndipo atapuma pang'ono eni mudzi anali kumfunsa zinthu zitatu: kumene wacokera ndi anthu ace, dzina lace, ndi cimene wayendera. Woyankha bwino zitatuzi anali kumphikira nsima ndi kumuyalira mphasa. Wozengereza poyankha anali kumkaikira, pakuti munthu wosadziwa kwao kapena kumene alinga akhoza kukhala wakuba kapena wothawa mlandu. Moyo ufunsa ali yense wa ife mafunso omwewa, ndipo tiyeni tiwaone limodzi limodzi.

MWACOKERA KUTI?

Mwa Acewa, Amang'anja, Ayao, Alomwe, Ansenga ndi Abemba, mtundu uwerengedwa kucikazi. Mwana ali wa mbumba ya amace, ndipo mwini mbumba ndiye mlongo wa amace, amene timcha mtsibweni kapena malume. Iyeyo ndiye aimira mwanayo pa mlandu, ndiye akhala nkhoswe pa ukwati wace, ndiponso ndiye auza anthu zocita pa tsiku la maliro. Mwa Angoni ambiri, Atumbuka, Ashona ndi Andebele mtundu uwerengedwa kucimuna. Njira ziri ziwiri, koma nzeru yace ndi imodzi: palibe munthu wogwa kucokera kumwamba, ali yense ali ndi anthu amene angamuloze ndi cala nanena kuti, "Uyu ngwathu."

Pamwamba pa mbumba pali mfunda, umene ena aucha ciongo. Ali Phiri, Banda, Mwale, Mbewe kapena Nkhoma. Akazi ndiwo Naphiri, Nabanda, Nambewe, Nankhoma. Ashona aucha mutupo, monga Shumba, ndiko kuti mkango, ndi Moyo, ndiko kuti mtima. Abemba aucha mukowa, ndipo ufumu wa Chitimukulu uli wa Bena Ng'andu, anthu a ng'ona. Mfunda unali cuma ca wapaulendo. Phiri wa ku Dedza akakomana ndi Phiri wa ku Katete, ngakhale sanaonanepo, ayesana abale, ndipo mlendoyo sagona panja. Malire amene Azungu analemba m'caka ca 1891 ndi m'zaka zotsatira anadula dziko la Acewa patatu, koma cibale sanacidule. Caka ndi caka m'mwezi wa August mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Kudziwa kumene munacokera kupatsa munthu poponda. Komatu mfunda suyankha mafunso onse, pakuti sulima munda ndipo sulera mwana. M'bwalo limodzi la milandu woweruza akhoza kukhala Banda, ndi wakuba amene waima patsogolo pace Banda yemwe. Munthu amene angodzitama ndi makolo ace, iye mwini wopanda cimene acita, afanana ndi wosunga nkhokwe yaikulu yopanda cimanga.

DZINA LANU NDANI?

Mwana akabadwa akhala m'cikuta ndi amace kufikira mcombo utagwa, ndipo poturuka apatsidwa dzina. Maina ambiri a cikuta anena zimene zinali m'mitima ya akulu pa nthawiyo. Masiye anabadwa atate kapena amace atamwalira. Mabvuto anabadwa m'caka ca njala kapena ca matenda. Tiyanjane anabadwa abale ali pa mkangano. Apa pali cinthu coyenera kucisunga: dzina lotere lisimba za masiku a makolo, ndipo siliri temberero kapena lamulo pa moyo wa mwanayo. Alipo a Mabvuto ambiri amene akalamba mwa mtendere pakati pa zidzukulu zao.

Dzina laciwiri linali kudza pa cinamwali. Mnyamata kapena mtsikana poturuka anali kulandira dzina latsopano, ndipo dzina la ubwana linali kuikidwa pansi. Kuitana wobvinidwa ndi dzina la ubwana kunali cipongwe cacikulu. Dzinalo silinali kudza lokha. Namkungwi ndi phungu anali kulipereka pamodzi ndi malangizo: usalowe m'cipinda ca makolo ako, ulemekeze akulu, usathawe nchito ya pa maliro, udziwe khasu ndi mtondo. Motero mudzi unali kuuza munthu tsiku limodzi kuti iye ndi yani ndiponso cimene anthu ayembekeza kwa iye.

Pambuyo pace panadza maina ena. Pa ubatizo munthu anasanduka Yohane kapena Estere, ndipo m'Cisilamu Yusufu kapena Amina. Ku nchito, bwana amene lilime lace linalephera kuchula dzina la kumudzi anangocha munthu wamkulu, wa mkazi ndi ana, Sikisipensi kapena Supuni, ndipo dzina lomwelo linalembedwa pa citupa. Pomariza pali dzina limene mwana woyamba apatsa makolo ace, pamene anthu ayamba kunena kuti "Atate a Limbani" kapena "Mace Cikondi." Munthu mmodzi akhoza kusenza maina asanu, ndipo nkosadabwitsa kuti nthawi zina asokonezeka.

Tikawayesa mainawa tiona kuti alemera mosiyana. Dzina la Sikisipensi linali kutha tsiku lomwe munthu wasiya nchito kwa bwanayo, cifukwa panalibe cibale kapena udindo womangidwa pa ilo. Dzina la cinamwali ndi dzina la ukholo akhala kufikira imfa, cifukwa ali ndi anthu amene adalira mwini dzinalo. Dzina lokhalitsa ndilo limene liri ndi udindo pansi pace.

PAMENE MALONJE ASOKONEZEKA

Funso lathuli linakula m'maiko athu pa nthawi imene amuna anayamba kucoka ku midzi kukafuna ndarama za msonkho. Anayenda pansi masabata ambiri kunka ku Salisbury, amene lero ndi Harare, ku mgodi wa malasha wa Wankie, amene lero ndi Hwange, ku migodi ya mkuwa ya Nkana ndi Luanshya, ndi ku Joni. Bungwe limene Boma la Nyasaland linaika m'caka ca 1935 kuti lifufuze za nkhaniyi linaganiza kuti amuna ofika 120,000 anali kunja kwa dziko. Ambiri anabwerako ndi njinga, makina osokera ndi mabokosi a nsaru. Ena sanabwere konse, ndipo kumudzi anawacha machona.

Ana a machona ndiwo anasenza katundu wolemera. Anabadwira m'komboni, nakula akulankhula Cishona, Cindebele kapena Cibemba. Anzao anawauza kuti kwao ndi ku Nyasaland, dziko limene sanalionepo. Ku Southern Rhodesia anawacha Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre. Akapita kumudzi kwa atate ao anapeza kuti mwa mwambo wa Acewa iwo ali a kwa amai ao, ndipo akapita kwa amai ao, amene awerenga mtundu kucimuna, anauzidwa kuti ali a kwa atate ao. Lamulo la unzika limene Zimbabwe inasintha m'caka ca 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko, ngakhale anabadwira komweko. Malamulo akulu a dzikolo a caka ca 2013 ndiwo anabvomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo locokera ku maiko oyandikana nao ali nzika.

Bvuto lotere silisankha waumphawi yekha. Kenneth Kaunda anabadwa m'caka ca 1924 ku Lubwa, pafupi ndi Chinsali, kwa makolo ocokera ku Nyasaland. Atate ace, David Kaunda, anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukaphunzitsa Abemba. Iye analamulira Zambia kuyambira 1964 kufikira 1991. Koma m'caka ca 1999 bwalo la milandu la ku Ndola linagamula kuti iye sali nzika ya Zambia kapena ya Malawi. Ciweruzoco cinafafanizidwa pambuyo pace, ndipo atamwalira m'caka ca 2021 anaikidwa ku Lusaka ndi ulemu wonse wa dziko.

Citupa ndi cinthu cofunika, ndipo kholo liri lonse liyenera kulembetsa ana ace kuti asadzabvutike. Koma citupa cinena zokhazo zimene Boma lidziwa za inu, ndipo taona kuti zolembedwa pa pepala zisintha lamulo likasintha. Munthu amene kudzidziwa kwace konse kuli pa pepala adzagwedezeka tsiku limene kalaliki adzamuuza kuti pepalalo latha mphamvu.

ULENDO NGWA KUTI?

Funso lacitatu ndilo lobvuta koposa, cifukwa palibe mtsibweni kapena namkungwi amene angaliyankhe m'malo mwanu. Tiyeni tione anthu awiri a ku Malawi amene analiyankha m'njira zosiyana.

Woyamba ndi Legson Kayira, Mtumbuka wa m'mudzi wa Mpale, kumpoto kwa dziko. Dzina lace la ubwana linali Didimu, dzina la mtsinje, ndipo la Legson anadzipangira yekha ali pa sukulu. Ataphunzira ku Livingstonia, nawerenga za moyo wa Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, anthu amene anayamba mu umphawi monga iye, anatsimikiza mtima kukaphunzira ku America. Ndarama analibe. M'caka ca 1958 ananyamuka pansi, atatenga kamba wa masiku owerengeka, kankhwangwa, bulangete, Buku Lopatulika ndi buku la John Bunyan la ulendo wa Mkristu. Pa njira anali kuima kugwira maganyu, napitirira. Ku Kampala, m'nyumba yowerengeramo mabuku, anapeza buku la maina a makoleji a ku America, nalembera kalata ku Skagit Valley College, m'cigawo ca Washington, ndipo anamlandira. Anafika ku Khartoum atayenda mamailo oposa 2,000, ndipo ophunzira a kolejiyo ndi anthu a m'tauni yao anasonkha ndarama za ndege. Anatera ku America kumapeto kwa 1960. Pambuyo pace anaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge, nalemba mbiri ya ulendo wace m'buku lochedwa I Will Try, limene linaturuka mu 1965.

Kayira anakhazikika ku England, namwalira ku London m'caka ca 2012. Wina angamuyese mchona. Koma mabuku ace a nthano, monga The Looming Shadow ndi Jingala, asimba za moyo wa kumudzi, za mafumu, za makolo ndi ana ao. Thupi linakhala kutali, koma nchito yace yolemba inali ya anthu a kwao. Paja akulu anati, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Angakulire kwina, akhalabe ng'ona.

Waciwiri ndi Samuel Josia Ntara, amene anabadwa m'caka ca 1905, nakhala mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Iyeyu sanaoloke nyanja kukafuna nzeru. Anaona kuti nkhalamba zodziwa mbiri ya Acewa ziri kutha, ndi kuti ana a sukulu adziwa za mafumu a ku England koposa za Kalonga ndi Undi. Tsono anayamba kulemba m'cinenero cace. Buku lace la Nthondo, losimba moyo wa munthu wa kumudzi kuyambira kubadwa kufikira imfa, linalandira mphotho pa mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Africa, nilisindikizidwa mu 1933. Caka cotsatira Cullen Young analimasulira m'Cingerezi. Pambuyo pace anasonkhanitsa zimene akulu anasimba, nalemba Mbiri ya Acewa, buku limene ophunzira aliwerengabe kufikira lero.

Wina anacoka, wina anakhala. Koma onse awiri anacita zofanana. Anadziwa kumene anacokera, osacita nako manyazi. Anaona cinthu cosoweka cimene iwo akanatha kucicita. Ndipo anayamba ndi zimene zinali m'manja mwao, wina miyendo yace, wina colembera ndi kope, osadikira tsiku limene zonse zidzakhala zokonzeka. Colinga ca moyo cipezeka pamene mphatso ya munthu ikomana ndi kusowa kwa anzace.

ZIMENE MUNTHU ANGACITE

Coyamba, funsani akulu akali moyo. Pitani kwa agogo kapena atsibweni ndi kope, mulembe dzina la mudzi, la mfumu, la mtsinje, maina a amai a amai anu ndi mfunda wao, ndi cifukwa cimene banja linasamukira kumene liri. Inu obadwira ku Bulawayo kapena ku Kitwe, ngakhale simudzakhalako kumudziko, ana anu adzafuna kudziwa. Safunsa anadya phula. Ndipo ngati muli mwana wamasiye, wosadziwa atate kapena amai, musataye mtima; amene anakulerani, nakudyetsani, nakulangani, amenewo ndiwo anthu anu, ndipo mungawachule pa malonje popanda manyazi.

Caciwiri, penyetsetsani cimene anthu adzera kwa inu. M'mudzi uli wonse ndi m'komboni iri yonse muli munthu amene aitanidwa njinga ikathyoka, wina amene aitanidwa anthu akayambana, wina amene aitanidwa usiku mwana akadwala, wina amene ana amzinga kuti awaphunzitse masamu. Kawirikawiri mwini wace sayesa kanthu mphatso yotere, cifukwa kwa iye iri yapafupi. Monga munthu saona nkhope yace popanda kalirole, momwemonso anzathu aona mwa ife zimene ife sitiona. Funsani anthu awiri kapena atatu amene akudziwani bwino, osati okusyasyalikani, kuti akuuzeni zoona.

Cacitatu, yesani ndi manja. Munthu sadziwa ngati ali mmisiri pokhala pansi kulingalira za matabwa. Adziwa atagwira sowo ndi kupala mwezi wathunthu. Ngati mtima ukokera ku unamwino, yambani kudwazika odwala a pafupi nanu. Ngati ukokera ku ulimi, yambani ndi kadimba. Nchito ina mudzaiyesa ndi kupeza kuti siri yanu, ndipo kumeneko nakonso ndi kudziwa.

Cacinai, siyanitsani nchito ya malipiro ndi nchito ya moyo. Nthawi zina ziri cinthu cimodzi, koma kawirikawiri ziri ziwiri. Ntara anali kudya za uphunzitsi, ndipo Kayira ku England anagwira nchito yoyang'anira anthu amene bwalo la milandu lawaika pa ciyeso. Kulemba mabuku kunali pambali pa nchitozo. Mai wogulitsa tomato pa msika kuti ana amasiye a mng'ono wace atsirize sukulu adziwa bwino cimene akhalira ndi moyo, ngakhale dzina lace silidzalembedwa m'nyuzipepala. Mlonda amene aphunzitsa anyamata kuyimba m'chalichi masana adziwanso. Cenjerani ndi kudziyesa ndi muyeso wa anzanu. Masiku ano lamya za m'manja zionetsa zithunzi za magalimoto ndi nyumba za anthu ena usana ndi usiku, koma sizionetsa ngongole zao kapena misozi yao. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cacisanu, dekhani, pakuti yankho lisintha pamodzi ndi msinkhu. Colinga ca mtsikana wa zaka 18 cisiyana ndi ca nchembere, ndipo ca nchembere cisiyana ndi ca agogo. Mkulu wopuma nchito ku mgodi sanathe nchito pa dziko; alipo anyamata osowa wowalangiza, ndi milandu ya m'banja yosowa woiweruza mofatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinenepo mau amodzi kwa iwo amene funsoli lawalemera kopambana, kotero kuti tulo tasowa, cakudya sicikoma, ndipo maganizo akudzipha ayamba kufika. Musasenze nokha. Uzani mbale, mbusa, shehe kapena bwenzi lokhulupirika lero lomwe, ndipo pitani ku cipatala, pakuti cisoni cotere ndi nthenda imene iri ndi cithandizo monga nthenda zina. Mutu umodzi susenza denga.

Pa maliro a munthu wamkulu, bokosi lisananyamulidwe, mmodzi wa abale aimirira kusimba mbiri ya womwalirayo. Achula mudzi umene anabadwira ndi makolo ace, achula maina ace, ndipo asimba zimene anacita ndi anthu amene wawasiya. Amenewo ndiwo malonje otsiriza, ndipo apereka ndi ena. Mudzi ndi makolo munthu anazilandira osazisankha, koma zimene zidzasimbidwa pa mbali yacitatuyo ali kuzikonza iye mwini tsiku ndi tsiku akali ndi mphamvu. Cifukwa cace madzulo ano, mutadya, khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu, mufunsane mafunso atatuwa, akulu ayambe kuyankha ndipo ana amve.